Makhoti a dziko la Malawi: ntchito yawo ndi momwe adasanjidwira

M'dziko la Malawi, monganso m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa, boma lili ndi nthambi zitatu. Pali Nyumba ya Malamulo yomwe imapanga malamulo, pali mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake omwe amayendetsa dziko potsata malamulowo, ndiponso pali makhoti omwe amatanthauzira malamulo ndi kuweruza milandu. Mwa nthambi zitatuzi, makhoti okha ndiwo sasankhidwa ndi anthu pa chisankho. Alibe asilikali awoawo, ndipo ndalama zogwirira ntchito amachita kupatsidwa ndi nthambi ziwiri zinazo. Komabe makhoti omwewa ndiwo ali ndi mphamvu zotsekera munthu m'ndende, kugamula mwini weniweni wa malo, kuthetsa ukwati, kufafaniza lamulo lomwe aphungu adavomereza, ngakhalenso kuthetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko monga zidachitikira m'chaka cha 2020.

Maziko ake m'malamulo

Mphamvu za makhoti a m'Malawi zimachokera m'malamulo oyendetsera dziko omwe adayamba kugwira ntchito mongoyembekezera mu Meyi 1994 ndipo adakhazikitsidwa kotheratu mu Meyi 1995. Gawo 5 la malamulowa limanena kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana nawo n'chopanda mphamvu. Gawo 9 limapereka kwa makhoti udindo wotanthauzira, kuteteza ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, ndipo limawalamula kuchita zimenezi moima paokha ndi mosakondera, poyang'ana umboni wokhudza mlandu ndi zomwe lamulo likunena basi.

Gawo 103 limaonjezera mfundo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi yakuti makhoti ndi onse oweruza milandu asalamulidwe kapena kuuzidwa zochita ndi munthu kapena ofesi ina iliyonse. Yachiwiri ndi yakuti sipadzakhazikitsidwa bwalo lina lililonse lokhala ndi mphamvu zoposa kapena zofanana ndi za High Court ndi Supreme Court of Appeal. Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe olemba malamulowa adaikiramo mfundo yachiwiriyi, ayenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona zomwe dzikoli lidadutsamo.

Komwe makhotiwa adachokera

Asanafike atsamunda, milandu inkakambidwa pa bwalo la mfumu, pamaso pa akuluakulu a m'mudzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Cholinga chachikulu chidali kubwezeretsa mtendere pakati pa mabanja, ndipo wolakwa nthawi zambiri ankalipira mbuzi, nkhuku kapena katundu wina. Mawu akuti "bwalo" omwe anthu amatchulira khoti mpaka lero adachokera kumeneko.

Boma la Britain lidakhazikitsa High Court m'chaka cha 1902, dzikoli likutchedwa British Central Africa, ndipo lidalamula kuti malamulo a ku England agwire ntchito m'dzikoli. Kuchokera nthawi imeneyo padakhala njira ziwiri zoweruzira milandu: makhoti a boma otsata malamulo olembedwa, ndi mabwalo a mafumu otsata miyambo. M'chaka cha 1933 atsamunda adavomereza mwalamulo mabwalo a mafumu, koma pansi pa ulamuliro wa ma DC. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, apilo ya milandu ikuluikulu inkapita ku bwalo la chitaganyacho mu mzinda wa Salisbury, womwe lero ndi Harare. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, makhoti adapitiriza kutsata njira za ku England, ndipo majaji a High Court adali azungu kwa zaka zingapo. Mmalawi woyamba kukhala mkulu wa majaji adali Friday Makuta m'chaka cha 1985.

Kusintha kwakukulu kudabwera m'chaka cha 1969. Pa nthawiyo anthu ambiri ankaphedwa usiku m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre, makamaka ku Chilobwe, ndipo High Court idamasula anthu ena omwe ankaganiziridwa pa kuphedwako chifukwa umboni udali wosakwanira. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidasintha lamulo n'kupatsa makhoti otchedwa Traditional Courts mphamvu zoweruza milandu yakupha, ndipo pambuyo pake ngakhale milandu youkira boma. M'chigawo chilichonse mudakhazikitsidwa bwalo lotere, ndipo pamwamba pake padali bwalo lawolawo la apilo. Ambiri mwa oweruza adali mafumu osankhidwa ndi boma. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, malamulo okhwima a kaperekedwe ka umboni sankatsatidwa, ndipo chigamulo sichinkapita ku High Court kukaunikidwanso. Majaji a High Court omwe adalipo pa nthawiyo adatula pansi maudindo awo posagwirizana ndi kusinthaku.

Mabwalo amenewa ndiwo adaweruza Albert Muwalo, yemwe adanyongedwa m'chaka cha 1977, komanso Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, omwe adagwidwa mu 1981 ndi kuweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilango cha awiriwa chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse dziko lapansi litadandaula. Orton Chirwa, yemwe adali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dzikoli, adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993. Anthu atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mabwalo akuluakulu a mtundu umenewu adaimitsidwa m'chaka chomwecho, ndipo ang'onoang'ono adalowetsedwa m'makhoti a majisitireti. Gawo 103 lidalembedwa pofuna kuti boma lisadzathenso kudzitsegulira bwalo lakelake pomwe silikukondwa ndi zigamulo za majaji.

Makhoti a majisitireti

Makhoti a m'Malawi adasanjidwa ngati makwerero a magawo atatu. Pansi pali makhoti a majisitireti ndi ena ofanana nawo, pakati pali High Court, ndipo pamwamba pali Supreme Court of Appeal.

Milandu yambiri m'dzikoli imayambira ndi kuthera m'khoti la majisitireti. Makhotiwa amapezeka m'boma lililonse komanso m'malo ambiri a malonda a kumidzi. Kumeneko ndi komwe kumapita milandu ya kuba, kumenyana, kuphwanya malamulo a pamsewu, ngongole zing'onozing'ono, chithandizo cha ana, ndi kutha kwa maukwati omangidwa mwa mwambo.

Amajisitireti alipo a mitundu iwiri. Ena ndi omwe ali ndi digiri ya zamalamulo, otchedwa Resident Magistrate, ndipo amakwezedwa mpaka kufika pa udindo wa Chief Resident Magistrate yemwe amayang'anira makhoti a majisitireti m'chigawo chonse. Ena ndi omwe adachita maphunziro a zamalamulo osafika pa digiri, ndipo adagawidwa m'magiredi kuyambira giredi yoyamba kutsika m'munsi. Kusiyana kumeneku kumaonekera pa mphamvu zawo. Resident Magistrate angathe kupereka chilango cha ndende chosapitirira zaka 21, wa giredi yoyamba chosapitirira zaka 14, ndipo mphamvuzi zimanka zichepa potsika magiredi. Pa milandu ya ndalama ndi katundu palinso malire a kuchuluka kwa ndalama zomwe giredi iliyonse ingaweruze. Palibe majisitireti amene amaloledwa kuzenga mlandu wakupha munthu kapena woukira boma. Imeneyi ndi ya High Court.

Pofuna kuteteza anthu omwe aweruzidwa popanda loya, lamulo limafuna kuti zilango zina zoperekedwa ndi majisitireti zitumizidwe ku High Court kuti jaji akazione ndi kuzitsimikiza, ngakhale wolakwayo sadachite apilo. Jaji angathe kuchepetsa chilango, kuchionjezera, kapena kumasula munthuyo akaona kuti mlandu sudayende bwino.

Pa mulingo womwewu palinso makhoti ena a ntchito zapadera. Bwalo la Industrial Relations Court, lomwe lidatchulidwa m'gawo 110 ndipo limayendera lamulo la ubale wa pantchito la 1996, limamva madandaulo a kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, malipiro ndi mikangano ya mabungwe a ogwira ntchito. Makhoti a ana, omwe adakhazikitsidwa ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, amazenga milandu ya ana mosaonetsera ku gulu, ndipo cholinga chawo n'kuwongola mwanayo osati kumulanga ngati wamkulu. Kuyambira 2017, malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Asilikali nawo ali ndi makhoti awo oona za mwambo wa usilikali.

Bwalo la High Court

Gawo 108 limapatsa High Court mphamvu zopanda malire zomva mlandu wa mtundu uliwonse kuyambira pachiyambi, kaya ndi wa upandu kapena wa pakati pa anthu. Likulu lake lili ku Blantyre, ndipo lili ndi maofesi ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Majaji amayendanso m'maboma kukazenga milandu yakupha kufupi ndi komwe kuli mboni. Nthawi zambiri mlandu umamvedwa ndi jaji mmodzi.

Ntchito za bwaloli zilipo zitatu. Limazenga milandu ikuluikulu yomwe amajisitireti sangaikwanitse. Limamva apilo yochokera ku makhoti a pansi pake. Limaunikanso malamulo ndi zochita za boma ngati zikugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ntchito yachitatuyi ndiyo imapatsa mwayi munthu wamba wokasumira nduna, khonsolo, apolisi ngakhalenso mtsogoleri wa dziko, ndi kupempha chiletso choimitsa zomwe boma likufuna kuchita kufikira khoti litamva mbali zonse. Chitsanzo chodziwika ndi cha mu Epulo 2020, pomwe jaji Kenyatta Nyirenda adaimitsa ganizo la boma lotsekera anthu m'nyumba kwa masiku 21 chifukwa cha matenda a Covid-19, amabungwe atadandaula kuti boma silidakonze njira yoti anthu osauka apezere chakudya pa masikuwo.

Pofuna kufulumizitsa ntchito, High Court idagawidwa m'nthambi. Nthambi ya milandu ya zamalonda idayamba m'chaka cha 2007. Lamulo la 2016 lidakhazikitsa nthambi zisanu: ya milandu ya pakati pa anthu, ya zamalonda, ya upandu, ya mabanja ndi chuma cha masiye, ndi ya misonkho. Mu 2022 kudaonjezeredwa nthambi ya milandu ya katangale ndi kusakaza chuma, potsatira madandaulo akuti milandu yotere, monga ija ya kubedwa kwa ndalama za boma yomwe idaululika mu 2013 yotchedwa Cashgate, inkatenga zaka zambiri isanathe.

Anthu ambiri amakamba za "khoti loona za malamulo oyendetsera dziko" ngati kuti ndi bwalo lapadera, koma Malawi alibe bwalo lotero lokhazikika. Chomwe chimachitika n'chakuti mkulu wa majaji akatsimikiza kuti mlandu wina ukukhudza kwambiri katanthauziridwe ka malamulo oyendetsera dziko, mlanduwo umamvedwa ndi majaji a High Court osachepera atatu. Mlandu ukatha, majajiwo amabwerera ku ntchito zawo za masiku onse, ndipo wosakhutira angathe kuchita apilo. Apa Malawi akusiyana ndi maiko oyandikana nawo. South Africa idakhazikitsa Constitutional Court yake ulamuliro watsankho utatha mu 1994, Zimbabwe idachita chimodzimodzi ndi malamulo ake a 2013, Zambia mu 2016, pomwe Mozambique ili ndi bungwe la Conselho Constitucional lomwe limatsimikizanso zotsatira za zisankho.

Bwalo la Supreme Court of Appeal

Ili ndilo bwalo lomaliza m'dzikoli. Limatsogoleredwa ndi mkulu wa majaji, ndipo pogamula apilo pamakhala majaji osachepera atatu. Chiwerengero chawo chimayenera kukhala chosagawika pawiri, monga atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, kuti pasakhale kufanana mphamvu akasiyana maganizo. Bwaloli silizenganso mlandu kuyambira pachiyambi ndipo kawirikawiri siliitana mboni. Limawerenga zomwe zidalembedwa ku High Court, kumva mfundo za maloya, ndi kuona ngati jaji adatsata lamulo moyenera.

Kufunika kwa bwaloli kumaposa mlandu womwe lagamula. Potsata njira yomwe Malawi adatengera ku England, mfundo ya lamulo yomwe bwalo lalikulu lakhazikitsa imamanga makhoti onse a pansi pake pa milandu ina yofanana nayo. Motero chigamulo chimodzi cha Supreme Court of Appeal chimasanduka muyeso womwe majisitireti wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa ayenera kutsata mofanana.

Ulendo wa mlandu

Milandu ilipo ya mitundu iwiri. Mlandu wa upandu ndi wa pakati pa boma ndi munthu woganiziridwa kuti waphwanya lamulo. Woimira boma ndi mkulu wozenga milandu, Director of Public Prosecutions, ngakhale kuti m'makhoti a majisitireti ntchitoyi amaigwira kwambiri ndi apolisi ophunzitsidwa kuzenga milandu. Bungwe lolimbana ndi katangale la Anti-Corruption Bureau limazenganso milandu yake.

Gawo 42 limanena kuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Ali ndi ufulu wopempha belo, ndipo angakanizidwe pokhapokha chilungamo chikafuna kutero. Amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira boma litapereka umboni wosasiya chikaiko chenicheni. Kusintha kwa lamulo la kazengedwe ka milandu kwa mu 2010 kudaikanso malire a nthawi yosungira munthu pa limandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, ngakhale khoti lingathe kuonjezera pang'ono.

Mlandu wa pakati pa anthu ndi wosiyana. Wodandaula ndiye amakasuma yekha, ndipo chofunika n'kuonetsa kuti mbali yake ndiyo ikumveka yoona kuposa inayo. Mapeto ake si ndende koma chipukuta misozi, kubweza katundu kapena chiletso. Ku High Court, milandu yambiri yotere imayamba yapita kokayanjanitsa mbali ziwirizo pamaso pa jaji isanayambe kuzengedwa.

Kusankha ndi kuchotsa majaji

Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, koma sayamba ntchito pokhapokha aphungu awiri mwa atatu aliwonse omwe alipo ndipo akuvota atamuvomereza. Majaji ena amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko potsata maina omwe bungwe la Judicial Service Commission lapereka, ndipo woyenera udindowu ndi munthu yemwe wakhala ndi chilolezo chogwira ntchito ya uloya kwa zaka zosachepera khumi. Amajisitireti amalembedwa ndi mkulu wa majaji mothandizidwa ndi bungwe lomwelo. Kuchokera pomwe ndale za zipani zambiri zidabwerera, udindo wa mkulu wa majaji wagwiridwapo ndi Richard Banda, Leonard Unyolo, Lovemore Munlo, Anastasia Msosa yemwe mu 2013 adakhala mayi woyamba pa udindowu, Andrew Nyirenda, ndi Rizine Mzikamanda yemwe adayamba mu 2022.

Chitetezo chachikulu cha jaji n'chakuti sangachotsedwe chifukwa chakuti chigamulo chake sichidakondweretse olamula. Malamulo a 1994 adaika zifukwa ziwiri zokha, kulephera ntchito ndi khalidwe loipa, ndipo adafuna kuti nkhaniyo iyambe yakambidwa m'Nyumba ya Malamulo. Malipiro a jaji sangachepetsedwe iye asanavomere. Zaka zopumira pa ntchito zidali 65, ndipo mu 2022 zidakwezedwa kufika 70.

Chitetezo chimenechi chayesedwapo kawiri mooneka. Mu Novembala 2001, aphungu adavomereza kuti majaji atatu a High Court achotsedwe, pomwe ambiri ankaona kuti chifukwa chenicheni chidali zigamulo zawo pa milandu ya ndale. Maloya a m'dzikoli ndi a kunja atadzudzula, boma la Bakili Muluzi lidaisiya nkhaniyo ndipo majajiwo adapitiriza ntchito. Mu Juni 2020, patatsala masiku ochepa kuti chisankho chibwerezedwe, boma la Peter Mutharika lidalengeza kuti mkulu wa majaji Andrew Nyirenda apite ku tchuthi podikira kupuma. Maloya adaguba m'misewu atavala mikanjo yawo, High Court idaimitsa ganizolo, ndipo pambuyo pake idagamula kuti nthambi ya mtsogoleri wa dziko ilibe mphamvu pa tchuthi cha majaji.

Funso linanso ndi lakuti woweruza akalakwa amaweruzidwa ndi yani. M'chaka cha 2024 madandaulo okhudza katangale ndi kuchedwa kwa zigamulo adakula kwambiri, ndipo kumapeto kwa chakacho Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano okonzanso kayendetsedwe ka makhoti ndi njira yolandirira madandaulo okhudza oweruza milandu.

Zigamulo zomwe zidasintha zinthu

Mu 1995, Dr Banda ndi John Tembo adazengedwa ku High Court pa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi omwe adaphedwa ku Mwanza mu 1983: Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Oimbidwa mlanduwo adali ndi maloya, mwayi womwe a Chirwa adamanidwa, ndipo adamasulidwa mu Disembala chaka chomwecho.

Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, majaji adagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza khoti kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osayang'ana momwe zinthu zidachitikira. Kuyambira 2015 akaidi omwe adalandira chilangocho mwa njira yakaleyo adamvedwanso, ndipo ambiri adatulutsidwa. Chilango cha imfa chikadali m'malamulo, koma palibe yemwe wanyongedwa kuchokera mu 1992.

Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, khoti lidapeza kuti kuthithikana kwa akaidi ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'ndende n'kuzunza anthu, ndipo lidakana mfundo ya boma yakuti lilibe ndalama. Mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe adamangidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake ku Limbe, khoti lidafafaniza gawo la lamulo la atsamunda lomwe apolisi ankagwiritsa ntchito pogwira anthu a "vakabu".

Chigamulo chomwe chidamveka kutali kwambiri ndi cha pa 3 Febuluwale 2020. Majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, adathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019 atapeza zolakwika zochuluka, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira. Adalamula kuti chisankho chibwerezedwe pasanathe masiku 150, ndipo adatanthauzira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la onse oponyedwa. Supreme Court of Appeal idagwirizana nawo pa 8 Meyi, ndipo pa chisankho cha pa 23 Juni 2020 adapambana ndi Lazarus Chakwera. Malawi adakhala dziko lachiwiri mu Africa, pambuyo pa Kenya mu 2017, pomwe khoti lidathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Muyeso wa mavoti opitirira theka udagwiranso ntchito pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, chomwe chidabwezera Peter Mutharika pa mpando.

Mafumu ndi malamulo a miyambo

Malamulo oyendetsera dziko amavomereza malamulo a miyambo malinga ngati sakutsutsana nawo. Gawo 110 limalolanso Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa makhoti a kumudzi, koma a mphamvu zochepa: milandu ya miyambo ndi milandu ing'onoing'ono yokha. Lamulo lokhazikitsa makhoti otere lidavomerezedwa mu 2011, koma lidatsutsidwa ndi omwe ankakumbukira mabwalo a nthawi ya chipani chimodzi, ndipo padapita zaka zambiri lisanagwiritsidwe ntchito.

Ngakhale zili choncho, mikangano yambiri ya kumidzi, ya malire a minda, ziweto zodya mbewu za eni, maukwati ndi ufumu, imathera kwa ankhoswe, nyakwawa, gulupu kapena mfumu yaikulu. Mafumu amayanjanitsa anthu, koma alibe mphamvu zotsekera munthu m'ndende kapena kuzenga milandu ya upandu monga kugwiririra. Wosakhutira ndi chigamulo cha mfumu ali ndi ufulu wopita ku khoti. Izi n'zofunika makamaka kwa amayi amasiye ndi ana, popeza lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika kulanda katundu wa womwalira m'gulu la milandu ya upandu, kaya mwambo wa kumaloko ukuti chiyani.

Zopinga pa njira ya chilungamo

Gawo 41 limalonjeza munthu aliyense mwayi wofika ku khoti, koma lonjezoli limakumana ndi zopinga zingapo. Choyamba ndi mtunda: High Court ili m'mizinda inayi yokha pomwe anthu ambiri amakhala kumidzi. Chachiwiri ndi chiyankhulo. Malamulo ndi zolemba za khoti zili m'Chingerezi, ndipo munthu woyankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena amadalira womasulira, yemwe akaphonya mawu amodzi angathe kusintha tanthauzo la umboni wonse. Chachitatu ndi kuchepa kwa maloya, omwenso ambiri ali m'tauni. Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo lidayamba ntchito mu 2015, limaimira anthu osauka, koma milandu imachuluka kuposa maloya ake.

Chachinayi ndi kuchedwa. Milandu imaimitsidwa chifukwa mboni sizidabwere, galimoto yonyamula akaidi ilibe mafuta, kapena failo yasowa. Kunyanyala ntchito kwa ogwira ntchito m'makhoti, monga kwa mu 2012, kudatseka makhoti kwa milungu yambiri anthu ali m'zitolokosi za apolisi. Pofuna kuchepetsa vutoli, kuyambira m'chaka cha 2000 alangizi a zamalamulo omwe si maloya akhala akuyendera ndende kuthandiza akaidi a pa limandi kumvetsa milandu yawo ndi kupempha belo, ndipo amajisitireti amakakhalira khoti m'ndende momwemo kuti aone omwe akhalitsa popanda kuzengedwa. Njira imeneyi idatengeredwanso ndi maiko ena a mu Africa.

Kupitirira malire a dziko

Chigamulo cha Supreme Court of Appeal sichingachitiridwe apilo kwina kulikonse, koma munthu yemwe akuona kuti dziko lamuphwanyira ufulu wake ali ndi khomo lina. Malawi ndi limodzi mwa maiko ochepa omwe adavomereza, mu 2008, kuti nzika ndi mabungwe azitha kukasuma mwachindunji ku bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu lomwe lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, akayamba atsiriza njira zonse za m'dziko mwawo. M'chigawo cha SADC khomo lotere lidatsekeka. Bwalo la SADC lomwe lidali ku Windhoek lidaimitsidwa mu 2010 litagamula motsutsana ndi boma la Zimbabwe pa nkhani ya kulanda minda, ndipo mgwirizano watsopano womwe atsogoleri adasainira mu 2014 udati bwalolo lizimva mikangano ya pakati pa maiko okha. Kwa anthu ambiri a m'chigawo chino, tsono, khoti la m'dziko mwawo ndilo loyamba komanso lomaliza.